Yang Guanlin, katakwe yemwe sanaope ana

Lero tikambeko za Yang Guanlin, katakwe wa xiangqi, tchesi ya ku China ija ya mtsinje pakati pa bolodi.

Mkuluyu anabadwira ku Dongguan, m'chigawo cha Guangdong, m'chaka cha 1925. Ali mnyamata ankapeza ya chakudya posewera ndi anthu m'misewu ya ku Guangzhou ndi Hong Kong. Mpikisano woyamba wa dziko lonse utachitika mu 1956, chikho chinapita kwa iyeyu. Anabwerezanso mu 1957 ndi 1959.

Koma mu 1960 kunatulukira kamnyamata ka zaka 15 ka ku Shanghai, Hu Ronghua, n'kumulanda ufumuwo. Enafe tikanapsa mtima n'kuponya bolodi kumoto. Iye ayi ndithu. Mu 1962 awiriwa anagawana chikho, ndipo Yang anapitiriza kusula achinyamata a timu ya Guangdong, komwe kunadzatuluka akatswiri ngati Lü Qin ndi Xu Yinchuan.

Anatisiya mu 2008. Ine ndimaona ukulu wake apa: mwana atamulanda mpando, sanadane ndi ana, anawaphunzitsa. Ndi angati mwa akuluakulu amene angatero?