Jim Thorpe, Katswiri wa Masewera

Ku America kuli mpira wina wosiyana ndi umene timasewera m'sukulu zathu. Mpirawo ndi wosongoka mbali zonse ziwiri. Wosewera amaunyamula m'manja nkumathamanga nawo, uku a timu inayo akuyesetsa kumugwetsa. Mmodzi mwa anthu oyamba kutchuka pa mpira umenewu adali Jim Thorpe.

Thorpe adabadwa m'chaka cha 1887 m'dera limene lero likutchedwa Oklahoma. Iye adali wa mtundu wa Sac ndi Fox, eni nthaka amene Azungu adawapeza ku America. Ubwana wake udali wachisoni. Mbale wake amene adabadwa naye mapasa adamwalira ali ndi zaka 9, ndipo pasanapite zaka zambiri makolo ake nawonso adatsikira kulichete. M'chaka cha 1904 adakalowa sukulu ya Carlisle, ku Pennsylvania. Kumeneko mphunzitsi wa masewera, Glenn Warner, adanola luso la mnyamatayu.

M'chaka cha 1912 Thorpe adapita ku mpikisano wa maiko onse wa Olympics mumzinda wa Stockholm, ku Sweden. Adapambana pa mipikisano iwiri yovuta zedi. Woyamba udali wa masewera asanu ndipo wachiwiri udali wa masewera khumi, monga kuthamanga, kudumpha ndi kuponya nthungo. Adabwerera kwawo ndi mamendulo awiri agolide.

Chimwemwecho sichidakhalitse. M'chaka cha 1913 zidadziwika kuti Thorpe adalandirapo ndalama pang'ono posewera baseball m'zaka za 1909 ndi 1910. Nthawi imeneyo lamulo linkaletsa osewera olipidwa kulowa mu Olympics. Anyamata ena ankachita zomwezo koma ankabisala m'maina abodza, pamene Thorpe adasewera ndi dzina lake lenileni. Akuluakulu a mpikisanowo adamulanda mamendulo aja, ngakhale kuti dandaulolo lidafika masiku 30 operekera madandaulo atatha kale.

Thorpe sadataye mtima. M'chaka cha 1915 adalowa timu ya mpira ya Canton Bulldogs, imene inkamulipira madola 250 pa masewera alionse. Mu 1920 adasankhidwa kukhala mtsogoleri woyamba wa bungwe la matimu olipira osewera, limene pambuyo pake lidatchedwa National Football League. Atasiya mpira adasauka nayamba kugwira maganyu. Adamwalira pa 28 Marichi, 1953.

Akuluakulu adati mlandu suola. M'chaka cha 1982 bungwe loyendetsa Olympics lidamubwezera ulemu wake, ndipo mu 1983 ana ake adalandira mamendulo atsopano m'malo mwa bambo wawo. Mu 2022 bungwelo lidalengeza kuti Thorpe yekha ndiye adapambana mipikisano iwiri ija.

Mafunso
1. Kodi mpira wa ku America umasiyana bwanji ndi wathu?
2. Nchifukwa chiyani Thorpe adalandidwa mamendulo ake?
3. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti mlandu suola.