Jesse Boot, mnyamata wa zitsamba amene anatsitsa mtengo wa mankhwala

Abale, ndikamva munthu akuitanitsa Brufen pakauntala, ine ndimakumbuka malemu Jesse Boot a ku Nottingham, ku Mangalande. Mankhwalawa anatulukira kukampani yawo ya Boots, ngakhale eni akewo sanawaone. Iwo anamwalira mu 1931, pomwe Brufen anayamba kugulitsidwa mu 1969.

A Boot anabadwa mu 1850. Bambo awo anali ndi kasitolo ka mankhwala azitsamba pamsewu wa Goose Gate, kudera la amphawi. Bambowo anamwalira Jesse ali ndi zaka 10, ndipo atakwanitsa zaka 13 anasiya sukulu kuti azithandiza mayi ake kusitoloko. Ana asukulu musatengerepo mwayi apatu, unali umphawi umenewo.

Chimene ndimawapatsira ulemu ndi ichi. Masiku amenewo mankhwala anali okwera mtengo kwabasi, moti wosauka akadwala ankangodzigonera. A Boot atatenga bizinesi yonse m'manja mwawo mu 1877, anayamba kupikula katundu wambiri nthawi imodzi n'kumagulitsa motchipa, koma ndalama pamanja, ngongole ayi. Analemba ngakhale munthu woti aziyenda ndi belu m'misewu kulengeza mitengo. Phindu pa paketi imodzi linali lochepa zedi, koma katundu sankagona pashelefu. Inu a geni mukudziwa chimene ndikunena.

Anzawo ogulitsa mankhwala zinawaipira. Ankawanyoza kuti alibe satifiketi ya ntchitoyi, ndipo apa sankanama. A Boot sanalimbane nawo pakamwa. Mu 1884 analemba ntchito katswiri wa mankhwala wophunzira bwino, a Edwin Waring, ndipo pofika 1914 masitolo a Boots anali atapitirira 500.

Tisaiwale mayi akunyumba kwawo, a Florence, amene anakwatirana nawo mu 1886. Ndiwo anatsegula malo obwereketsa mabuku m'masitolomo, komanso ankayang'anira umoyo wa atsikana ogwira ntchito.

Pamene sindigwirizana nawo ndi pa zimene anachita mu 1920. Nyamakazi itawafoola, anagulitsa kampaniyo kwa a Louis Liggett a ku America, chonsecho mwana wawo John analipo. Zinatengera mwana yemweyo kuti kampaniyo ibwerere m'manja mwa Angerezi mu 1933, bambo ake atagona kale.

Komabe ndalamazo sanadye okha. Anapereka malo a Highfields ndi chuma chomangira koleji imene Mfumu George V inatsegula mu 1928, yomwe pambuyo pake inakhala yunivesite ya Nottingham. Munthu wosiya sukulu ali ndi zaka 13 uja.