Kamuzu Banda ndi khadi la tambala wakuda

Abale a ku Chisemphere, ena mwa inu mukusungabe khadi la chipani cha Kongeresi pansi pa bokosi. Mtsogoleri wa chipanicho, Dr. Hastings Kamuzu Banda, anabadwira kuno ku Kasungu, nakaphunzira udokotala ku America ndi ku Scotland. Anabwerera kwawo mu 1958, natsogolera dziko ku ufulu mu 1964. Koma tambala wakuda, amene analengeza kucha, anadza ndi goli: wopanda khadi ankabwezedwa pamsika, pachipatala ndi pokwerera basi. Aepiskopi athu anadzudzula zimenezi m'kalata yawo ya 1992. Anagonja pa chisankho cha 1994, namwalira ku Johannesburg mu 1997. Khadilo musalitaye, liphunzitse ana kuti ufulu ngwofunika kuusamala.