Abraham Lincoln, Mwana wa Amphawi Amene Anakula Kuposa Cipani Cace

Abraham Lincoln anabadwa pa 12 Febuluwale 1809 m'kanyumba ka mitengo ka cipinda cimodzi, ku Kentucky, m'dziko la America. Amai wace anamwalira iye ali wa zaka 9. Masiku onse amene analowa m'sukulu, kuwaphatikiza pamodzi, sanapitirire caka cimodzi. Koma anadziphunzitsa yekha powerenga Baibulo ndi mabuku obwereka. Anagwira nchito yowaza mitengo ya mpanda, yoyendetsa ngalawa pa mtsinje wa Mississippi, ndi yogulitsa m'sitolo, kufikira anakhala woimira anthu pa milandu ku Springfield, m'cigawo ca Illinois.

Masiku amenewo dziko linagawikana pa nkhani ya ukapolo, pakuti m'zigawo za kummwera munali akapolo pafupifupi mamiliyoni 4. M'caka ca 1854 kunabadwa cipani ca Republican, cokana kuti ukapolo ufalikire ku zigawo zatsopano, ndipo pambuyo pace Lincoln analowamo. Mu 1858 anapikisana ndi Stephen Douglas pofuna mpando wa ku Senate, nalephera.

M'mwezi wa Meyi 1860 nthumwi za cipanico zinasonkhana ku Chicago kudzasankha munthu wodzaimira cipani pa upulezidenti. Ambiri anayembekeza William Seward wa ku New York, mkulu womveka amene adakhalapo bwanamkubwa. Pa kuponya koyamba Seward analandira mavoti oposa 170, Lincoln 102 okha. Koma nthumwi zinaopa kuti Seward ali ndi adani ambiri, ndipo sangathe kupambana ku Pennsylvania ndi ku Indiana; cotero pa kuponya kwacitatu zinasankha Lincoln. Zoonadi, zimene zinali m'mitima mwao ndizo cipambano ca cipani. Kukula kwa munthu amene zinamsankhayo zinali zisanakudziwe.

Kunaonekera atakhala Pulezidenti mu 1861. Sanagawire mipando abwenzi omgwadira, koma anaitana iwo omwe adalimbana naye ku Chicago. Seward anamuika nduna ya za maiko akunja, Salmon Chase nduna ya cuma, ndi Edward Bates nduna ya malamulo. Nkhondo itabuka pakati pa kumpoto ndi kummwera, anafuna munthu wolimba wakuyang'anira asilikali, ndipo mu 1862 anatenga Edwin Stanton, wa cipani ca Democratic, yemweyo amene adampeputsa pa mlandu wina ku Cincinnati mu 1855. Lincoln sanaiwale cipongweco, koma anadziwa kuti mutu umodzi susenza denga, ndi kuti dziko lifuna luso la munthuyo. Chase naye anayesa mobisa kumlanda malo pa cisankho ca 1864. Komabe caka comweco Lincoln anamkweza akhale mkulu wa oweruza onse a m'dziko.

Pa 1 Januwale 1863 analengeza ufulu wa akapolo a m'zigawo zopanduka. Nkhondoyo inatha anthu oposa 600,000, koma dziko silinapasuke, ndipo mu 1865 ukapolo unathetsedwa ndi lamulo m'dziko lonse. Pa 14 Epulo 1865, tsiku la Lacisanu Loyera, John Wilkes Booth anamuombera ndi mfuti m'nyumba ya masewero ku Washington, ndipo anamwalira m'mawa mwace, ali wa zaka 56.

Pamenepo panaoneka mbali yina ya nkhaniyi. Mu 1864 msonkhano wa ku Baltimore udasankha Andrew Johnson wa ku Tennessee akhale waciwiri wa Pulezidenti, cifukwa anali wa kummwera ndi wa cipani ca Democratic, ndipo dzina lace likanakoka mavoti. Za mtima wace sanafunse kwambiri. Atalowa m'malo mwa Lincoln anaoneka wouma khosi. Anakana kusaina lamulo la 1866 lopatsa omasulidwawo ufulu wa nzika, nakangana ndi Nyumba ya Malamulo kufikira inamuimba mlandu mu 1868. Anapulumuka ndi voti imodzi yokha, koma anthu amene adangoturuka mu ukapolo ndiwo anamva kuwawa kwa ulamuliro wace.

Taonani tsono, inu owerenga: misonkhano iwiri inasankha poyang'ana cipambano ca cipani. Wa ku Chicago unapeza munthu woleza mtima, wosasunga mangawa. Wa ku Baltimore unapeza wodzikuza. Cisankho cimatha tsiku limodzi, koma wosankhidwayo atsala ndi miyoyo ya anthu m'manja mwace zaka zambiri. Cifukwa cace posankha mtsogoleri sikukwanira kufunsa ngati ali wathu, kapena ngati adzapambana. Tifunsenso ngati anena zoona, ngati amva uphungu wa omtsutsa, ndiponso cimene adzacitira munthu amene anamnyoza dzulo.