René Cassin, Mphunzitsi wa Ufulu Wachibadwidwe

Masiku ano m'mayunivesite ambiri wophunzira akhoza kuwonjezera maphunziro a ufulu wachibadwidwe pa digiri yake. Amayenera kutenga makalasi a malamulo, mbiri ya maiko ndi nzeru za kakhalidwe ka munthu. Mmodzi mwa amene analimbikira kuti nkhaniyi izifika m'kalasi ndi René Cassin wa ku France.

A Cassin anabadwira ku Bayonne pa 5 Okutobala 1887, m'banja la Chiyuda, ndipo anaphunzira zamalamulo. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, anapita kunkhondo kumene zipolopolo zinawavulaza kwambiri m'mimba. Atachira anayamba kumenyera asilikali olumala, akazi amasiye ndi ana awo, kuti thandizo la boma lisakhale mphatso koma ngongole imene dziko liyenera kubweza. Nthawi yomweyo ankaphunzitsa zamalamulo ku Lille, kenako ku Paris.

Kuyambira 1924 mpaka 1938 ankaimira France ku League of Nations mumzinda wa Geneva. Kumeneko anaona vuto lalikulu: boma likamazunza nzika zake, maiko ena ankangoyang'ana, poti ndi za m'nyumba mwa eni. Hitler anapezerapo mwayi pa chizolowezi chimenechi. Germany italanda France mu 1940, a Cassin anathawira ku London kukathandiza Charles de Gaulle. Boma la Vichy linawalanda unzika n'kuwagamula kuti aphedwe iwo kulibe, ndipo abale awo ambiri anafera m'misasa ya a Nazi.

Nkhondo itatha analowa m'komiti ya United Nations imene Eleanor Roosevelt ankaitsogolera. John Humphrey wa ku Canada ndiye anasonkhanitsa mfundo zoyambirira, a Cassin n'kuziika m'dongosolo lomveka bwino. Pa 10 Disembala 1948 ku Paris, maiko 48 anavomereza Chikalata cha Ufulu Wachibadwidwe cha ndime 30, asanu ndi atatu sanavote, ndipo panalibe lotsutsa. A Cassin ankalimbikira kuti mwini ufuluwu ndi munthu aliyense payekha, osati maboma. Ndime 18 imateteza ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo, pamene ndime 26 imafuna kuti maphunziro azikulitsa ulemu pa ufulu wa anthu.

Koma iwo ankadziwa kuti pepala palokha silitchinjiriza munthu. Anakhala pulezidenti wa khoti la ku Ulaya loona za ufulu wachibadwidwe kuyambira 1965 mpaka 1968. Atalandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 1968, ndalamazo anathandizira kukhazikitsa sukulu ya International Institute of Human Rights ku Strasbourg mu 1969, kuti maloya, aphunzitsi ndi ophunzira ochokera m'maiko osiyanasiyana aziphunzira kumeneko. Anamwalira ku Paris pa 20 Febuluwale 1976, ndipo mu 1987 mafupa awo anasamutsidwira ku Panthéon, kumene France imaika anthu ake otchuka.

Ife amene tikuphunzira unamwino, uphunzitsi kapena zamalonda tidzakumana ndi wodwala, mwana wa sukulu ndi wantchito amene sadziwa chimene lamulo limamupatsa. Ngati nafenso sitichidziwa, adzamuuza ndani?