MBIRI YA DOTOLO LIVINGSTONE NDI NKHONDO YAKE YA MALUNGO

Mvula yagwanso, madambo adzala madzi, ndipo m'midzi yathu yambiri mukumveka kulira kwa ana otentha thupi. Chifukwa chake tati mwezi uno tikumbutsane za munthu amene dzina la mudzi wakwao tilitchula tsiku ndi tsiku, ndiye Dotolo David Livingstone. Ambiri a inu munaphunzira kusukulu kuti iye anadana ndi malonda a akapolo, ndipo nzoona. Koma analinso ndi mdani wina amene anamtsata zaka zoposa 20, namlanda mkazi wake ndi abwenzi ake, ndipo potsiriza anathandiza kumgwetsa iye mwini. Mdaniyo ndi malungo, omwewa tili nawo m'nyumba zathu lero.

UBWANA WAKE

Livingstone anabadwa pa 19 March 1813 m'mudzi wa Blantyre, m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde, ku Scotland. Atate wake Neil ndi amake Agnes anali anthu osauka, oopa Mulungu. Pofika zaka 10 mwanayo analowa ntchito m'nyumba ya makina opota thonje, nagwira kuyambira 6 koloko m'mawa kufikira 8 koloko usiku. Ndipo atawerukako ankapita kusukulu ya madzulo. Ndi ndalama za thukuta lake anaphunzira za udotolo ku Glasgow, nadzipereka ku mishoni ya London Missionary Society. Anafika ku Cape Town m'chaka cha 1841, nakwera kumtunda kufikira ku Kuruman, kumene kunali mishoni ya Robert Moffat. M'chaka cha 1845 anakwatira Mary, mwana wamkazi wa Moffat.

Dziko la kumeneko ndi louma, ndipo malungo sanamvute kwambiri. Koma mtima wake unali kumpoto, kumene kunali anthu ochuluka ndi mitsinje ikuluikulu. M'chaka cha 1850 anapita ndi banja lake kunyanja ya Ngami, ndipo ana ake awiri anagwidwa ndi malungo, kotero kuti anabwerera. Pamenepo anazindikira kuti chotsekereza njira ya Uthenga Wabwino ndi ya malonda abwino sichinali mikango kapena mikondo ayi, koma nthenda imeneyi.

MANKHWALA AKE

M'chaka cha 1852 anatumiza mkazi ndi ana ku Ulaya. Kuchokera ku Linyanti, kwa mfumu Sekeletu ya Amakololo, anayenda kumadzulo nafika ku Luanda mu May 1854. Kenaka anabwerera, natsika ndi Zambezi, naona mathithi a Mosi-oa-Tunya mu November 1855, napitirira pa Tete, nafika ku Quelimane mu May 1856. Pa ulendo umenewu malungo anamgwetsa kambirimbiri, ndipo ku Luanda anafika ali mafupa okhaokha chifukwa cha malungo ndi kamwazi.

Nanga anapulumuka bwanji, pamene Azungu ena ambiri anafera m'magombe a Africa? Yankho lake ndi kwinini. Mankhwala owawawa achokera ku khungwa la mtengo wotchedwa cinchona, womera m'mapiri a ku South America, ndipo anthu awiri a ku France, Pelletier ndi Caventou, ndiwo anawapatula m'khungwamo m'chaka cha 1820. Madotolo ambiri a masiku aja ankachotsa mwazi wa wodwala, namfooketsa koposa. Livingstone sanatero. Iye anapanga mibulu yake ya kwinini wosanganiza ndi mankhwala atatu otsegula m'mimba, otchedwa jalap, rhubarb ndi calomel. Ndipo wodwala atamwa mibuluyo ankampatsanso kwinini kufikira makutu ake atayamba kulira. Pambuyo pake mibulu yotereyi inagulitsidwa ku Ulaya ndi dzina la Livingstone's Rousers, ndiko kunena zodzutsa munthu wogona. Lero tidziwa kuti wochiritsa m'mibulumo anali kwinini yekha, ndi kuti calomel ali ndi poizoni. Koma iye anapambana anzake pa chinthu chimodzi, kuti sanachedwe kupereka kwinini, ndiponso sanapereke pang'ono.

Koma tisabise kulakwa kwake. Popeza iye mwini anali wolimba thupi, ndipo anadzuka kawirikawiri, anachepetsa ukali wa malungo m'zolemba zake, ndipo ena anamkhulupirira. M'chaka cha 1860 amishoni Helmore ndi Price anafika ku Linyanti ndi akazi awo ndi ana awo. Posakhalitsa Helmore ndi mkazi wake ndi ana ena anamwalira, ndiponso mkazi wa Price. Panabuka mphekesera yakuti Amakololo anawadyetsa poizoni. Livingstone atafika namva mmene anadwalira, anati anali malungo. Ndipo anadandaula kuti mankhwala amene akadawathandiza anali m'ngolo imene iye anasiya pamudzi pomwepo. Abale, taonani kuti si ife tokha amene tifulumira kuloza mnansi chala pamene nthenda yalowa m'nyumba.

PA SHIRE

M'chaka cha 1858 anabweranso ku Zambezi, atatumidwa ndi boma la kwao, pamodzi ndi Dotolo John Kirk ndi ena. Mathithi a Cahora Bassa anatsekereza sitima yawo, choncho mu 1859 anakhotera mu Shire, nafika kwa Chibisa, naona nyanja ya Chilwa mu April, ndi nyanja yathu yaikulu mu September. Poyenda m'madambo a kumunsi kwa Shire, iye ndi anzake anazunzika ndi udzudzu wosawerengeka, ndipo analemba kuti kumene udzudzu uchuluka ndiko kumene kuli malungo. Anafika pakhomo penipeni pa choonadi, koma sanalowe. Pakuti monga madotolo onse a nthawi ija anayesa kuti malungo adza ndi mpweya woipa wofuka m'matope ndi m'zomera zovunda. Poona mapiri athu ano a Soche, Ndirande, Michiru ndi Chiradzulu, ndi mphepo yake yozizira, anati kuno ndiko koyenera kumanga mishoni.

Mu July 1861 anakwera mapiriwa ndi Bishopu Charles Mackenzie, ndipo pamudzi wa Mbame anamasula akapolo 84 m'magoli. Bishopuyo anamanga mishoni pa Magomero. Koma mu January 1862 anatsika kukakomana ndi Livingstone pamene Ruo athira mu Shire, ndipo bwato lina linagubuduzika usiku, mankhwala onse namira. Anakhala pachilumba cha Malo, m'nyengo ya mvula, wopanda kwinini, namwalira pa 31 January. Mnzake Burrup ananyamulidwa kubwerera ku Magomero, nafera komweko.

Chisoni chachikulu koposa chinali chikudzabe. Mary Livingstone anali atangobwera kumene kudzakhala ndi mwamuna wake atalekana zaka zambiri. Anachedwa miyezi ingapo kumunsi kwa Zambezi, kumalo otentha a udzudzu, ndipo pa Shupanga malungo anamgwira. Anasanza kosalekeza, kotero kuti mankhwala sanakhale m'mimba. Madotolo awiri, mwamuna wake ndi Kirk, anayesa zonse, koma pa 27 April 1862 anatsirizika, ali ndi zaka 41, naikidwa patsinde pa mlambe waukulu. Munthu amene anachiritsa alendo ambiri sanathe kuchiritsa mkazi wa iye mwini.

ULENDO WOTSIRIZA

M'chaka cha 1866 anayamba ulendo wina, kudzera ku mtsinje wa Rovuma, kufunafuna gwero la mtsinje wa Nile. Mu January 1867 amtengatenga awiri anathawa, natenga bokosi la mankhwala. Iye anakumbukira Bishopu Mackenzie, naona ngati imfa yake yalembedwa kale. Kuyambira pamenepo thupi lake silinabwererenso mwakale. Henry Stanley anampeza pa Ujiji mu 1871, nampatsa chakudya ndi mankhwala, namdandaulira kuti abwerere kwao, koma anakana. Analowa m'madambo a nyanja ya Bangweulu m'nyengo ya mvula, ali ndi malungo ndi kutaya mwazi, kufikira anyamata ake anamnyamula pamachila. Kumayambiriro kwa May 1873, pamudzi wa Chitambo, anampeza mbandakucha atagwada pambali pa kama wake, atamwalira.

Susi ndi Chuma ndi anzawo anakwirira mtima wake patsinde pa mtengo, naumika thupi, nalinyamula miyezi yambiri kufikira ku Bagamoyo. Chuma ameneyu anali mmodzi wa anyamata omasulidwa mu ukapolo m'mapiri athu ano mu 1861. Thupi linaikidwa mu Westminster Abbey ku London pa 18 April 1874.

Imfa yake inadzutsa mipingo ya ku Scotland. Mishoni ya Livingstonia inayamba pa Cape Maclear mu 1875, koma malungo anaisamutsira ku Bandawe mu 1881, ndi ku Khondowe mu 1894. Henry Henderson, ndi womasulira wake Tom Bokwito, anasankha malo m'dziko la mfumu Kapeni, ndipo mu October 1876 mishoni inakhazikika pano, nitchedwa Blantyre. Komatu ngakhale kumapiri kuno malungo sanaleke; manda a pamishoni achitira umboni.

CHIMENE IYE SANACHIDZIWE

Patapita zaka 7 chimwalirire iye, mu 1880, dotolo wa ku France, Alphonse Laveran, anaona tizilombo ta malungo m'mwazi wa wodwala ku Algeria. Mu 1897 Ronald Ross anatipeza m'mimba mwa udzudzu ku India, ndipo chaka chotsatira anzeru a ku Italy anaonetsa kuti wofalitsa malungo a anthu ndi udzudzu wa mtundu wa Anopheles. Mu 1899 madotolo Stephens ndi Christophers anatumidwa kuno ku Blantyre kudzafufuza nthendayi.

Tsono njira yake ndi iyi. Udzudzu waukazi uluma munthu wodwala usiku, numwa tizilombo pamodzi ndi mwazi. Tizilomboto tikula m'thupi mwake masiku ngati 10 kapena kuposerapo, ndipo ukaluma munthu wina, tilowa ndi malovu ake. Tiyamba tabisala m'chiwindi monga sabata imodzi, tichulukana, kenaka tilowa m'mwazi ndi kuuwononga. Ndipo pamenepo munthu anjenjemera, atentha, amva mutu ndi kuphwanya m'thupi. Mwana achepa mwazi, ndipo tizilombo tikafika ku ubongo akomoka. Dambo silipuma mpweya wakupha ayi. Koma m'madzi odikha ndimo udzudzu uikira mazira. Ngakhale kachithaphwi ka m'nkhuti ya njerwa kuseri kwa nyumba kakwanira.

Ntchito imene Livingstone anaiyamba pa Shire ipitirirabe mumzinda wa dzina la kwao. Pachipatala cha Queen Elizabeth, chimene tichitcha Gulupu, madotolo Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza njira yoyesera kukomoka kwa ana odwala malungo, nailengeza mu 1989. Dzina lake ndi Blantyre Coma Scale, ndipo igwira ntchito m'zipatala za maiko ambiri. Pomwepo padadziwikanso mu 2015 kuti ana ambiri ofa ndi malungo a mu ubongo afa chifukwa ubongo watupa. M'chaka cha 1993 dziko lathu linali loyamba mu Africa kusiya klorokwini, popeza tizilombo tinamzolowera, nilitenga Fansida. Mu 2007 linatenga LA. Ndipo mu April 2019 Malawi anali woyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana aang'ono m'maboma ena.

Koma nkhondo sinathe. Bungwe la za umoyo la dziko lonse, WHO, linawerenga kuti m'chaka cha 2023 anthu anadwala malungo nthawi 263 miliyoni, ndipo akufa anali ngati 597,000. Pafupifupi onsewo anali a mu Africa, ndipo mwa anayi alionse, atatu anali ana osakwana zaka 5.

CHOTIPHUNZITSA

Bishopu Mackenzie anafa chifukwa mankhwala ake anamira m'madzi. Helmore anafa mankhwala ali pafupi, koma osadziwa. Ife tili m'gulu liti? Mankhwala athu sanamire, ndipo sitinganene kuti sitidziwa. Koma tiona neti zimene tinalandira kusikelo zikutchinga mbewu kudimba, kapena zikukokera matemba kumtsinje, pamene ana agona poyera. Tiona mayi asunga mwana wotentha masiku atatu, kudikira abambo abwere ku ntchito ku Limbe, kapena kudikira mawu a ankhoswe. Tiona ena amwa LA masiku awiri, napeza bwino, nasungira mnzawo otsalawo. Ndipo potero aphunzitsa tizilombo kupirira mankhwala.

Chifukwa chake, abale ndi alongo, tichite izi. Aliyense agone m'neti usiku uliwonse, chaka chonse, makamaka ana ndi amayi apakati. Tikwirire maenje osunga madzi pafupi ndi nyumba. Mwana akatentha thupi, apite kuchipatala tsiku lomwelo kukayezedwa mwazi. Ndipo akakomoka, akasanza zonse, kapena akakana kuyamwa, anyamulidwe ngakhale pakati pa usiku. Mankhwala amwedwe masiku atatu onse. Amayi apakati asaphonye sikelo, kumene alandira Fansida wowateteza iwo ndi mwana. Akulu a mpingo ndi amvano, pochezera odwala, apemphere nawo, ndipo atatha kupemphera afunse ngati wodwalayo waonedwa ndi dotolo.

Livingstone anagwada pa manda a mkazi wake pa Shupanga osadziwa kuti wakupha anali kanthu kakang'ono kamene kankalira m'makutu mwake usiku uliwonse. Mulungu watipatsa ife chidziwitso chimene Iye sanampatse mtumiki wakeyo, ndipo adzatifunsa mmene tinachigwiritsira ntchito pa ana amene anatisungitsa.