Thomas Baines, Wojambula Amene Anathera ku Tete Osafika ku Nyanja Yathu

Anzanga, tonsefe kuno ku Nkhotakota dzina la David Livingstone timalidziwa ngati la malume athu. Mkuyu umene anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863 ulipo mpaka lero, ndipo pa mayeso dzina limeneli silisowa. Koma pa ulendo wake wa ku Zambezi panali munthu wina amene sitimumva m'kalasi, dzina lake Thomas Baines. Ameneyu ndiye anali wojambula wa gulu lonse. Akanafika kuno, bwenzi lero tikuona doko lathu ndi ngalawa zake momwe zinkaonekera kalelo. Koma anamusiya ku Tete, kenako anamuchotsa ntchito pa nkhani ya shuga. Eya, shuga yemweyu wothira mu tiyi.

Ndinamudziwa chonchi. Pa tchuthi chathachi msuweni wanga wa ku Lilongwe anandisiyira kabokosi ka penti wa madzi, timitundu 12 touma ngati masiwiti, ndi burashi imodzi yothothoka ubweya. Ndinayesa kujambula chiluwe cha maungu a kuseri kwa nyumba yathu. Aphunzitsi ena ataona pepalalo anayamba aseka kaye, kenako anandionetsa pa foni yawo zithunzi za Baines n'kundibwereka buku lofotokoza za moyo wake.

Baines anabadwa pa 27 Novembala 1820 m'tauni ya King's Lynn ku England. Nayonso ndi tauni ya padoko, ndipo bambo ake anali munthu wa zombo. Sukulu ya zojambula yapamwamba sanapiteko ayi. Ali mnyamata anamupereka kwa mmisiri wokongoletsa ngolo zokokedwa ndi mahatchi, ndipo kumeneko ndiko anaphunzira kugwira burashi. Tinganene kuti anayamba ngati anyamata aja amalemba mayina pa maboti ndi pa makoma a magolosale. Mu 1842 anakwera chombo kupita ku Cape Town. Anavutikako ndithu, akupenta ngolo ndi kugulitsa tizithunzi, mpaka anakhala wojambula wa asilikali a Britain pa nkhondo yawo ndi Axhosa. Kuyambira mu 1855 anali ku Australia pa ulendo wa Augustus Gregory wofufuza kumpoto kwa dzikolo, ndipo anagwira ntchito bwino kwambiri moti mtsinje wina kumeneko umatchedwa Baines mpaka pano.

Mbiri yabwino imeneyi ndi imene inamupezetsa malo pa ulendo wa Livingstone mu 1858. Anamupatsa ntchito ziwiri, kujambula ndi kusunga katundu wa gulu. Ntchito yachiwiriyi muyikumbukire, chifukwa ndi imene inamugwetsa.

Mwina wina afunsa kuti wojambula ankafunikiranji pa ulendo wotere. Makamera analipo kale, ndipo Charles, mng'ono wake wa Livingstone, anatenga imodzi. Koma zinali zimakina zolemera, zofuna mankhwala, ndipo sizinkatulutsa mitundu. Munthu akapeza duwa lachilendo m'tchire, akanatha kuliumitsa pakati pa mapepala monga ankachitira John Kirk, dotolo komanso katswiri wa zomera wa gululo. Koma duwa louma limasanduka lofiirira ngati fodya. Kuti anthu a ku Kew, malo aakulu osungirako zomera ku London, adziwe kuti linali lachikasu kapena lofiira, pankafunika munthu wa burashi pomwepo, duwalo lisanafote.

Apa ndi pamene penti wa madzi amapambana. Kabokosi kake kamalowa m'thumba, safuna mafuta, madzi a mumtsinje ndi okwanira, ndipo amauma msanga. Penti ameneyu ndi ufa wa mtundu wosakaniza ndi utomoni wa mitengo ya mtundu wa mthethe. Ukathira madzi amasungunuka, madziwo akauma utomoni uja umamatira ufawo pa pepala. Choyera sapenta, choyera ndi pepala lenilenilo, ndiye pamene ukufuna kuwala umangopasiya. Umayamba ndi mitundu yopepuka, yakuda pambuyo. Ukalakwitsa palibe labala. Ine izi ndinaziphunzira ndi misozi. Tsiku loyamba ndinajambula mzere wa duwa ndi pensulo, n'kumadzaza mkati pang'onopang'ono ngati mapu a Malawi mu jogalafe. Ndinabwereza malo amodzi kasanu mpaka pepala la m'kope linabooka, ndipo chinatuluka chinali ngati dzira lokazinga lopondedwa. Pomwe ndimamaliza, dzuwa linali pamutu ndipo duwa lenilenilo linali litatseka kale. Chiluwe sichidikira munthu, chimatsegula m'mamawa, pofika masana chafota.

Tsopano taganizani za Tete. Amene munamvapo kwa anthu oyenda pa msewu wa ku Zobue mukudziwa kuti kumeneko kumatentha kuposa kuno mwezi wa Okutobala. Burashi ukangoinyowetsa, usanaganize kawiri yauma. Baines ankajambula m'malo otere, nthawi zina atakhala m'bwato, nthawi zina thupi likunjenjemera ndi malungo. Anajambula tauni ya Tete, nyumba zake, anthu ogwira ntchito zawo, mitengo, zomera za m'mbali mwa mtsinje, ndi sitima yawo yaing'ono yotchedwa Ma Robert imene inkadya nkhuni zambiri koma yosathamanga. Mu Novembala 1858 anapita nawo kukaona madzi olusa a pa miyala ya Cahora Bassa, pamene lero pali damu lalikulu lija la magetsi, ndipo anajambulanso malowo. Njira yake inali yakuti m'tchire ankajambula mwachangu ndi pensulo ndi penti wa madzi, kenako akapeza mpata ankatenga zina n'kuzipanga zithunzi zazikulu za penti wa mafuta.

Ine pa zimene ndinaona pa foni ija, ndinakonda za mwachanguzo. Zazikulu za mafuta n'zokongola, inde, koma zimaoneka ngati munthu wovala suti pa ukwati. Za m'tchirezo zili ndi moyo. Tsamba silinajambulidwe lililonse palokha, pena pangogwa dontho la mtundu wobiriwira, koma diso limavomera kuti uwu ndi mtengo. Ndinabwerera ku chiluwe changa m'mawa wina ndisananyamuke ulendo wa kusukulu. Ulendo uno pensulo ndinaisiya. Ndinanyowetsa pepala ndi madzi okha m'maonekedwe a duwa, n'kugusitsa burashi ya chikasu pakati. Pentiyo anayenda yekha kutsata madzi. Asanaume ndinadonthezapo kofiira pang'ono, ndipo mitundu iwiriyo inalowana yokha popanda ine kuikakamiza. Zonse zinatenga mphindi zosakwana zisanu. Amayi atadutsa ndi ndowa anazindikira okha kuti ndi chiluwe, n'kundikumbutsa kuti chenichenicho ndi ndiwo, ndisachithyole.

Tibwerere ku Tete. Mu 1859 Livingstone ndi Kirk ankakwera mtsinje wa Shire, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho anafika pa nyanja yathu ino. Baines sanapite nawo. Anatsala ku Tete akulondera katundu, akudwaladwala, ndipo kwa nthawi ndithu anali limodzi ndi Charles Livingstone amene sankagwirizana naye. Katundu wina, makamaka shuga, anapezeka kuti wachepa. Charles anauza mkulu wake kuti vuto ndi Baines. Anamunenanso kuti ankataya nthawi ndi zipangizo za gulu pojambula nkhope za Apwitikizi a ku Tete. Livingstone anakhulupirira mng'ono wake. Mabokosi a Baines anafufuzidwa ndipo simunapezeke umboni wogwirika wa kuba, koma anamuchotsabe. Anapempha kuti mlandu wake uweruzidwe poyera, kuti naye ayankhepo, koma mwayi umenewo sanaupeze mpaka imfa yake. Livingstone sanabweze mawu ake. Olemba mbiri ambiri masiku ano amaona kuti Baines sanabe.

Gawo limeneli linandipweteka mtima chifukwa zofanana nazo zinandionekerapo. Tsiku lina malume anandisiya pa okala yawo. Ine maso anali pa katoni imene ndinkajambulapo bwato, ndipo munthu wina anatenga paketi ya shuga pa ngongole, ine osalemba. Madzulo ndalama sizinakwane. Kwa sabata yathunthu kunyumba ankandiyang'ana ndi diso lina, mpaka mwini ngongole anabwera yekha kudzalipira. Ndiye ine ndikuganiza kuti n'kutheka Baines sankalemba bwino mabuku a katundu, makamaka mutu ukuwawa ndi malungo. Koma kusalemba bwino ndi kuba ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ine wanga wa ngongole anabwera. Wa Baines sanabwere. Ndipo sindikunena kuti tigwetse mkuyu uja ayi, Livingstone analimbana ndi malonda a akapolo ndipo izo n'zoona. Koma pa nkhani ya Baines analakwa, basi.

Munthu wina akanataya burashi n'kubwerera kwawo. Baines anapita ku Cape Town, anapenta n'kusonkhanitsa tindalama, ndipo mu 1861 ananyamukanso ndi mnzake James Chapman kuchokera ku gombe la dziko limene lero ndi Namibia. M'chipululu cha kumeneko anaona chomera chodabwitsa chimene chimakhala ndi masamba awiri okha moyo wake wonse, masambawo n'kumang'ambika ndi mphepo kwa zaka mazanamazana. Anachijambula n'kutumiza chithunzicho ku Kew. Chomeracho chimatchedwa Welwitschia, potengera Friedrich Welwitsch amene anachiona ku Angola mu 1859. Mu 1862 anajambula milambe isanu ndi iwiri yoima pamodzi ku Botswana. Milambeyo ilipobe ku Nxai Pan, imatchedwa ndi dzina lake, ndipo alendo amapita kukaiyerekeza ndi chithunzi chake. Mu Julaye chaka chomwecho anafika pa mathithi a Victoria, pa Zambezi yemwe uja anamuthamangitsapo. Anakhalapo masiku angapo akujambula, mapepala akunyowa ndi nthunzi ya mathithiwo. Kwa munthu wa penti wa madzi limenelo ndi vuto lenileni, chifukwa dontho limodzi losaitanidwa limasiya chipsera pa chithunzi. Zithunzi zimenezo zinasindikizidwa ku London mu 1865, ndipo zinathandiza anthu ambiri a ku Ulaya kuona mathithiwo koyamba ali ndi mitundu yake.

Zaka zake zomaliza sizikoma kwenikweni. Analowa ntchito ya kampani yofuna golide ndipo mfumu Lobengula ya Andebele inamupatsa chilolezo mu 1871. Apa sindimuikira kumbuyo, chifukwa mapepala a zilolezo otere ndi amene pambuyo pake anatsegulira azungu njira yolanda dziko limene lero ndi Zimbabwe. Iye mwini sanalemere nazo. Kampaniyo inalephera, ndipo anatsala ndi ngongole, akupenta zithunzi kuti apeze chakudya. Anamwalira ndi kamwazi ku Durban pa 8 Meyi 1875, ali ndi zaka 54, akukonzekera ulendo wina. Sanakwatirepo.

Ngakhale pa ulendo wa golide sanasiye kuyang'ana zomera. Ku Natal anapeza mtengo waukulu wa banja la alovera, n'kutumiza ku Kew, ndipo mu 1874 anautcha Aloe bainesii. Dzina limeneli linagwira ntchito zaka zoposa 100. Kenako akatswiri anaona kuti mtengo womwewo unali utapatsidwanso dzina lina polemekeza Mary Barber, mayi wa ku South Africa amene nayenso ankajambula maluwa ndi mbalame, ndipo dzina la mayiyo ndi limene linatsala. Nditawerenga pamenepo ndinaseka ndekha, kuti koma bambo ameneyu ndiye analibe mwayi, ngakhale mtengo anamulanda. Komabe poti wapita kwa wojambula mnzake, palibe mlandu.

Pansi pa nkhaniyi ndamata chiluwe changa chachiwiri chija. Choyambacho musachifunse, ndinayatsira moto. Chonde musachigwire ndi manja onyowa, penti ameneyu amasungunukanso akakumana ndi madzi. Panopa ndikufuna kuyesa duwa la mlambe, loyera lija limatsegula madzulo, mileme n'kulizungulira usiku, pofika tsiku lotsatira layamba kale kufota. Vuto ndi lakuti ndi loyera, ndiye ndiyenera kupenta mdima wozungulira n'kusiya duwalo pepala lokha. Pepala la m'kope silingapirire madzi ochuluka chotero. Amene muli ndi kalendala yakale ya pepala lokhuthala kunyumba, kuseri kwake n'kumene ndikufuna. Mundipeza ku Fomu 2 nthawi ya buleki.